Sipanala ya Sajeni Quitugua

Sipanala inasowa cha m'ma 2 koloko masana, ndipo amene anakalipa kwambiri pabwalo lonse la ndege anali wakubayo.

"Aliyense akhuthule m'matumba!" anakuwa Sajeni Anselmo Quitugua, thukuta lili kamukamu padazi.

Lamulo la amakaniko a ndege zankhondo silinyengerera munthu: chida chimodzi chikasowa m'bokosi, ndege siinyamuka mpaka chipezeke, kuopa kuti chatsalira mu injini. Anselmo anali ataliphunzitsa lamuloli kwa zaka makumi awiri ndi zinayi kumpoto kwa chilumba cha Guam kuno, osatayapo ngakhale kamsomali. Lero sipanalayo inali phee m'kontena yake ya chakudya, pansi pa mpunga wofiira ndi nkhuku zimene mkazi wake anamulongedzera.

Chindege chimene iye ankayang'anira chinali chitaima padzuwa, mabomba ali kale m'mimba. Anthu a masukulu anatha zaka akuchijambula, kukanganirana, kuchisiya, kuchiyambanso, mpaka anatulutsa chinthu chopinda mapiko chili m'mwamba, chothamanga mosiya phokoso lake lomwe m'mbuyo. Adani anachiponyera mizinga osachikhudza. Ndiye lero chagwidwa mwendo ndi mdala wa dazi ndi mpunga wa mkazi wake. "Anselmo iwe," anadziyamikira chamumtima, "ukanapita patali ndi sukulu dziko likanaona zakuda."

Sanabe mwa misala. Dzulo lake, pabolodi la maulendo, anaona dzina la woyendetsa ndege yakeyi kupita kunkhondo: Kaputeni Isa Quitugua, mwana wake mmodzi yekhayo. Ana a eni anawaperekeza ambirimbiri ndi sawatcha yowongoka bwino, mtima uli m'malo. Koma sabata yatha ndege ina inapita osabwerako, ndipo Anselmo anazindikira kuti kulimba mtima kwake konse kunali kwa ana a anthu ena. Anachita mantha, mantha enieni.

M'mawa Isa anamuthamangira pageti.

"Ababa, taimani ndikuuzeni kanthu."

"Ndachedwa, mama, tikamba madzulo."

Akanamuyang'ana bwanji m'maso ali ndi chiwembu m'mutu? Ngakhale pabolodi sanadzerepo. Zolembedwapo ankazidziwa kale, panalibe chifukwa chodzibaya kawiri.

Kusakako kuli mkati kunabwera Pangelinan, amene anaimirira Isa pa ubatizo. Iyeyu ankayang'anira ndege ya sipeya, ija imakonzedwa ndi kupakiridwa mabomba, oyendetsa ake n'kukhalamo ali chire, kudikira kuti mwina inzake ikanika. Ya Anselmo inali isanakanikepo, choncho iye ankamutcha mnzakeyo mlonda wa mthunzi.

"Pari, inu ndithu? Kutaya sipanala?" anatero Pangelinan, pomuitana monga amaitanirana kuno bambo wa mwana ndi womuimirira pa ubatizo. "Ukalamba wakupezani."

"Wandipeza, pari. Mawa nditaya buluku ndili momwemo."

Ankadziwa chimene chikumudikira: mafunso kuofesi, mbiri yoyera kuthimbirira, mwina ndi kutsitsidwa udindo. Anaziyeza zonsezi ndipo zinamupepukira. Anakwawira m'kamwa mwa injini ndi tochi, mawondo akulira, kufunafuna mwakhama chinthu chimene ankadziwa kuti chagona ndi nkhuku. Anatukwana, anagwira m'chiuno, anapukusa mutu. Anaona kuti ntchito ya zisudzo inataya munthu.

Nthawi itakwana, mkulu wa ulendo analankhula pa wailesi: ndege ya Quitugua yatsala, ipite ya sipeya. Galimoto imene inkabweretsa oyendetsa ndege ya Anselmo inakhotera patali osatsitsa munthu. Pangelinan anamuyang'ana Anselmo ngati akufuna kunena kanthu, kenako anathamangira ku ndege yake.

Anselmo anakhala pansi pa phiko, kontena pamiyendo, nayamba kudya mozungulira. Mpungawo unkanunkha girizi, koma chibadwire anali asanadye wokoma chotere. Nkhondo ipitirire, akuluakulu akalipe, wake agona kunyumba lero.

Ya sipeya inadutsa patsogolo pake pang'onopang'ono, nthaka ikunjenjemera. Pazenera la woyendetsa panaoneka dzanja likubayibitsa, osaleka. Anselmo anatukula supuni mwaulesi. "Mwana wa eni, Mulungu akuperekeze," anatero, chisoni chake chili cha munthu wokhuta. Chindegecho chinabangula, chinakwera, n'kuzimirira cha kunyanja.

Pangelinan anabwerera akuyenda mokoka miyendo, maso ali psuu.

"Pari, mwanayu wakubayibitsani mpaka dzanja kuwawa, inu n'kumuyankha ndi supuni?"

"Mwana uti?"

"Isa. Anamusinthira ku sipeya m'mawa, akuti bambo asamaperekeze yekha mwana wake kunkhondo. Amafuna akuuzeni ndi pakamwa pake kuti lero sapita."

Supuni ya Anselmo inagunda chitsulo pansi pa mpunga.