Bambo Amene Anasiya Kudandaula

Panali munthu wina, mayi wosoka zovala, amene m'mawa wina anaima pakhomo n'kumakonza kolala ya malaya a mwamuna wake. Mwamunayo anali kalipentala, ndipo ankapita kuntchito monga mwa masiku onse.

"Mankhwala mwamwa?"

"Ndamwa, a Sajeni."

"M'thupimu muli bwanji?"

"Ngati mnyamata," anatero bamboyo, n'kumuchitira sawatcha. Mayiyo anaseka, n'kumukankha pamsana kuti azipita. Sanamuonenso ali moyo.

Bamboyo ankadwala matenda a shuga. Kuchipatala anamuletsa zotsekemera, koma pa zoziziritsa kukhosi anali ngati mwana. Ubwino wake, kubisa sankatha. Akafika madzulo ankakhala pampando, kuvula nsapato, n'kuyamba yekha.

"A Sajeni, ndapalamula. Kunatentha, ndiye ndinamwako kabotolo kamodzi. Panopa ndikumva chizungulire."

Mayiyo ankamukonda kwambiri mwamuna wake, koma mantha ake ankatulukira pakamwa. Ankakalipa mpaka oyandikana nawo ankatsitsa wailesi kuti amve bwino. Akamaliza ankakakhala pamakina, osamuyankhulanso mpaka mawa lake. Kwa bamboyo, munthu wokonda macheza, kusayankhulidwako kunkapweteka kuposa jakisoni.

Mwana wawo wamkazi ankagwira ntchito yothandiza ana ovuta khalidwe, ndipo anaphunzira za mmene chilango chimagwirira ntchito. Tsiku lina atabwera kudzacheza anaziona zonsezi, n'kutsatira mayi ake kumakina.

"Amayi, chilango chimachepetsa chinthu chimene munthu wangochita kumene. Botololo adadi amamwa masana kuntchito, ndipo limawatsekemera bwinobwino, palibe wowakalipira. Inu mumawakalipira madzulo. Nthawi imeneyo amakhala atangochita chiyani?"

"Atamwa zoletsedwa."

"Ayi, amayi. Amakhala atangokuuzani. Chimene mukulanga ndi kukuuzaniko."

"Ndiye ndiziwaombera m'manja pamene akudzipha?"

"Akanena, muziyamba mwawathokoza, kenako muwayeze shuga. Za botolo muzikambirana mawa, mtima uli m'malo. Popita kuntchito muziwanyamulitsa madzi ozizira."

"Iwe, bambo akowa ndinawadziwa usanabadwe. Za m'mabukuzo ukachite ndi ana a kuntchito kwako."

Mwanayo anathandiza mayi ake kupinda nsalu, n'kunyamuka.

Patapita nthawi, madandaulo anatha. Bamboyo ankafika mochedwerako pang'ono, nkhope ili yowala, akuimba mluzu. Za botolo sankatchulanso, za chizungulire ayi. Mayiyo anasangalala, mpaka anamuimbira foni mwana wake.

"Waona? Bambo ako aja, mwana wanga wachisamba, awongoka. Pakamwa pangapa ndi mankhwala."

"Achira, kapena angosiya kunena?"

"Iwe ukufuna azidwala?"

"Ayi, amayi."

Tsiku limene bamboyo anachoka akuchita sawatcha lija, chakumasana anzake a kuntchito anaimba foni. Anali atagwa pafupi ndi tebulo lopalira matabwa. Anathamangira naye kuchipatala, koma sanadzukenso.

Maliro atatha, anthu atabalalika, kunabwera bambo wina wometa tsitsi amene malo ake anali chapafupi. Anakhala kumapeto kwa mpando, chipewa chili pamaondo.

"Pepani mayi ndi zovutazi. Ndaganiza kuti ndisakhale nazo ndekha."

"Nenani, bambo."

"Malemuwa akaweruka ankayamba aima kwanga, pafupifupi tsiku lililonse. Ankakhala pabenchi mpaka chizungulire chitachepa. Kenako ankapempha madzi, kusukusula, n'kudziyang'ana pagalasi langa. Ankandifunsa kuti, 'Achimwene, ndikuoneka bwino? A Sajeni sazindikira?'"

Wometa tsitsiyo anapitiriza.

"Ndinkawauza kuti pitani kuchipatala, akulu. Iwo ankati, 'Ndikapita kuchipatala kunyumba adziwa. Kukalipako ndinakuzolowera, koma mkazi wanga akakhala chete, nyumba yonse imazizira.' Akatero ankaseka, n'kuyamba mluzu wawo uja, ulendo wa kuno."

Mayiyo sanalire pamaso pa mlendo. Anamuthokoza, n'kumuperekeza mpaka pageti. Mwana wake anamva zonse ali kuchipinda. Atatuluka anakhala pafupi ndi mayi ake, n'kuwagwira dzanja, ndipo mpaka lero sanaitchulepo nkhani imene anakambirana kumakina ija.

Mayiyo akusokabe. Malo ometera tsitsi aja ali panjira yachidule yopita kumsika. Iye amazungulira.

Phunziro: Chilango chimagwera chimene munthu wangochita pamaso panu, osati chimene anachita kutali inu kulibe. Mwana, mwamuna, mkazi kapena kholo akabwera yekha kudzakuuzani kuti walakwitsa kapena sakumva bwino, mulandireni kaye, zokonza zibwere pambuyo. Mukamukalipira nthawi yomweyo, cholakwacho sasiya, amangosiya kukuuzani. Amene mwawerenga nkhaniyi, itumizeni kwa ena, makamaka amene m'nyumba mwawo muli munthu amene wasiya kudandaula.