Foni ya Abusa M'dengu

"Foni siyani m'dengumo, bambo. Mizimu imadana ndi phokoso," anatero mayi woombeza uja, osadzutsa n'komwe mutu.

Abusa anaponyamo foniyo. Kolala yoyera anali ataibisa kale m'thumba la jekete. Mwezi wathawu ndi iwo omwe ankalalikira za mfumu ija ya m'Malemba, imene inathamangira kwa woombeza itaona kuti Mulungu wakhala chete. Koma nthawi imeneyo mwana wawo wamkazi anali asanagonekedwe m'chipatala, dokotala asanapukuse mutu.

"Ndapemphera mpaka mawu kusasa, koma kumwamba kuli zii," anatero abusa, misozi ili mbwembwembwe. "Ndiuzeni, mayi, mwana wanga achira?"

Mayiyo anakhutchumula zigoba zake n'kuzimwaza pamphasa, anazitola, n'kuzimwazanso. M'dengu muja foni inkangonjenjemera. Abusa anaimva ndithu, koma anaopa kudula mizimu pakamwa.

"Achira ameneyo. Pitani ndi mtendere."

Atatulukira mumsewu anaimbira akazi awo, mtima utakhalako m'malo.

"Bambo ake, ndaimba, ndaimba!" Mawu a mayi busa anali otheratu. "Mwana anatsitsimuka, n'kumakuitanani kuti mudzamugwire dzanja, mupemphere naye. Watisiya, bambo ake. Mwana watisiya."

Abusa anatsamira khoma.

"Anafunsa kumene ndili?"

"Anafunsa. Ndinamuuza kuti muyenera kuti muli kutchalitchi, mwagwada chifukwa cha iye. Ndiye anamwetulira, amvekere, 'Basi amayi, musawasokoneze.'"