Monitori ya Pansi pa Tebulo

Tsiku lachitatu, monitori ya Damiano inali ikuvinabe. Mizere yobiriwira inkathamanga kuchoka pansi kupita m'mwamba, chithunzi osaima ngakhale pang'ono. Mayi Teodora anaima pakhomo pa kashopu kake kokonzeramo makompyuta ku Ulongwe, mkwiyo utawafika pakhosi.

Nkhani yake inali ya dimba la kachewere. Amuna awo, a Tino, atangoikidwa m'manda, mlamu wawo Edmundo anayamba kunena kuti malemuwo anamugulitsa dimbalo, kungoti kalata yake inadyedwa ndi chiswe. Chiswe chodziwa kusankha mapepala! A Tino anali kalaliki, ndipo pepala lililonse ankalijambula n'kulisunga m'kompyuta yawo yamakedzana. Mayiwo sankakayika kuti umboni wowapulumutsa uli mmenemo, choncho anapita nayo kwa Damiano kuti awatulutsire mapepalawo. Mlandu unali mawa lake.

Koma Damiano ankangozengereza. Poyamba anati pulaka ya zithunzi, kachipangizo kotumiza chithunzi ku monitori, yakalamba ndipo sikumvana ndi mamonitori opyapyala a masiku ano. Kenako anati vuto ndi chingwe. Chimonitori cholemera cha a Tino, chimene mayiwo anasiya pamodzi ndi kompyutayo Lolemba, chinali pansi pa tebulo atachifunditsa saka. Ati chinafa.

Ndiye lero pabenchi panakhala Edmundo mwini wake, akutafuna nzimbe. Apa Mayi Teodora sanafunenso woombeza. Anthu awiriwa anali atapangana.

"Akugulani ndi chiyani alamu angawa?" anafunsa mayiwo.

"Mayi, tengani katundu wanu muzipita," anayankha Damiano osawayang'ana n'komwe. "Pulaka imeneyi sidzamvana ndi monitori iliyonse. Mwanditopetsa."

"Mbava iwe! Nanga kwathu inkamvana nayo bwanji zaka zonsezi?"

Edmundo analavula zotafuna zake pansi. "Ingokonzedwa basi, alamu, tonse tione."

Chipongwe chimenecho chinawapweteka kuposa mbama. Mayiwo anavundukula saka lija, n'kunyamula chimonitoricho kuchiika patebulo kuti di! Anazula chingwe cha monitori yopyapyala n'kulumikiza cha chakalecho, monga ankawaonera amuna awo akuchita.

Damiano anawagwira mkono. "Musatero, mayi."

Anamukankhira kutali.

Chimonitoricho chinalira pang'ono, chinaphethira kamodzi, chithunzi n'kuima nji. Panalibe mzere ndi umodzi womwe. Chinthu chakufa chija! Mayi Teodora anatsegula pamene panalembedwa kuti Dimba.

"Bwerani, alamu, mudzaone manyazi anu."

Edmundo anabwera, nzimbe ili kumanja. Anawerama n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, kalata yogulitsira dimba. Pansi pake panali dzina la a Tino, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe lija.

Damiano anatola saka pansi n'kuyamba kulipinda.

"Kalatayi ndinaiona Lolemba," anatero. "Masiku atatu onsewa mizere ija ndimaivinitsa dala, kuti bambowa asaione."