Ndowa za McDonald ndi Ana a Matenanti

Panali munthu wina wa ku Dedza, dzina lake McDonald, amene boma linamutumiza kukagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono ku Henga, m'boma la Rumphi. Amene anandiuza nkhaniyi ankagwira naye ntchito, ndipo akuti ndi yoona.

Mkazi wake Phyllis ndi ana awiri anatsala ku Dedza. McDonald ankachita digiri ya zaumoyo, atangotsala ndi kafukufuku womaliza. Akuluakulu ake anamulonjeza kuti akakhoza, amusamutsira kufupi ndi banja lake. Ndiye mutu wake wonse unali pa kumaliza msanga.

Bungwe lina linamupatsa ndowa za mipopi zosambira m'manja. Iye anaganiza zofufuza ngati ndowazo zimachepetsa kutsekula m'mimba kwa ana. Njira yake inali yachidule: kuwerenga ana odwala m'kaundula wa Febuluwale, kugawa ndowa m'midzi yonse mu Malichi, kenako kuwerenganso mu Ogasiti.

Pachipatalapo panali namwino wamkulu, mayi Lettie, obadwira ku Henga komweko, amene anagwirapo ntchito zaka makumi awiri. Atamva zimenezi anamuitanira pambali.

"Adada, yewo chomene pa ndowazi," anamuthokoza m'Chitumbuka. "Koma musagawe midzi yonse nthawi imodzi. Chitani mayere. Midzi ina ilandire lero, ina idikire. Ndiye muziwerenga uku ndi uku mwezi womwewo."

"Zimenezo zitenga chaka, mayi. Ine ndilibe chaka."

"Nanga matenanti mwawaganizira? Mu Febuluwale m'minda ya fodya mumakhala modzaza mabanja, akumwa madzi a m'dambo. Fodya akagulitsidwa, ambiri amapita kwawo ndi ana awo. Mu Ogasiti mudzawerenga ndani? Taonani kaye makaundula akale, ali m'kabatimo."

McDonald anangoseka. Atatuluka anauza mnzake kuti tsobola wakale sawawa, komanso kuti mayiwa kompyuta saidziwa n'komwe. Makaundula aja anawatulutsadi m'kabati, koma anangosanjikapo laputopu yake chifukwa tebulo linali lalifupi.

Mu Febuluwale anapeza ana odwala 84. Mu Ogasiti anapeza 23. Analowetsa manambala mu kompyuta, ndipo inamuyankha kuti kusiyana kotere sikungachitike mwangozi. Munthu anavina yekha mu ofesi. Anaimbira Phyllis kuti ayambe kufunafuna nyumba yokulirapo, ndipo ana anauzidwa kuti ababa akubwera ulendo umodzi Khirisimasi isanafike. Nalo bungwe lija linati likangoona lipoti lovomerezeka, ligula ndowa za chigwa chonse cha Henga.

Tsiku lokafotokoza kafukufuku kusukulu kwake linafika. Anavala suti, nayankhula bwino zedi. Atamaliza, mmodzi wa aphunzitsi omuyesa, Dokotala Mtende, anafunsa mofatsa.

"Bambo, ana 84 amenewa, ndi mwa ana angati?"

"Ndi amene anabwera kuchipatala, adokotala."

"Ndamva. Koma m'midzimo munali ana angati mu Febuluwale, nanga mu Ogasiti munali angati?"

McDonald anayang'ana mapepala ake. Nambala imeneyo munalibe.

"Nanga midzi imene sinalandire ndowa, odwala anatsika kapena ayi?"

"Yonse inalandira."

"Ndiye mukufanizira ndi chiyani? Mwezi wa mvula ndi mwezi wa fumbi? Chabwino. Zaka zam'mbuyo, ndowa zisanabwere, zinkakhala bwanji?"

Anamupatsa ola limodzi kuti apeze yankho. Anatuluka panja n'kuimbira mayi Lettie. Mayiwo sanamunyoze. Anapita pa tebulo lake, n'kutenga makaundula aja pomwe anawasiya, nayamba kumuwerengera.

"Chaka chatha, Febuluwale 79, Ogasiti 25. Chaka chinacho, 90 ndi 21. Ndipitirize, adada?"

"Basi, mayi."

Chaka chilichonse odwala ankatsika chimodzimodzi, popanda ndowa ndi imodzi yomwe. Yankho linali pansi pa laputopu yake miyezi isanu ndi umodzi.

Aphunzitsi aja anamuuza McDonald kuti ayambirenso, ndipo kuyambiranso kunatanthauza kudikira dzinja lina. Bungwe lija litamva, linapita kukathandiza kwina. Chondipweteka ine n'chakuti mwina ndowa zija zimathandizadi ana, koma mpaka lero palibe amene angatsimikize.

Madzulo a tsiku lokafotokoza lija anaimbira Phyllis. Asanayambe n'kufotokoza komwe, mwana wake wamng'ono analanda foni.

"Ababa, takupezerani nyumba ya mpanda! Mukubwera liti?"

McDonald anangomuuza kuti apereke foni kwa amayi ake.

Mu Januwale, matenanti atadzazanso m'minda, anthu anamuona atakhala pa benchi ndi mayi Lettie, akupinda timapepala ta mayina a midzi n'kuponya m'chipewa, kuchita mayere a kafukufuku wina watsopano. Chaka chimene ankati alibe chija, anachipeza.

Phunziro: Usanawerenge chilichonse, dziwa kuti udzafanizira ndi ndani, nthawi iti, komanso mwa anthu angati. Kompyuta imayankha zimene waipatsa, siidziwa kuti mvula inasiya kapena kuti anthu anasamuka. Ndipo munthu amene wakhalitsa pamalo akakuuza kuti taona kaye m'kabatimo, tsegula uwerenge. Tumizirani nkhaniyi aliyense amene akuchita kafukufuku wa zaumoyo, asanagawe ndowa zake zonse.