Chiguduli Chofewa Mkati

Senderani pafupi abale anga, iyi ndinaimva kwa munthu amene analipo.

Panali munthu wina, dalaivala wa basi, amene ananamizira mlamu wake, mkazi wa mng'ono wake, kuti anamuona ndi mwamuna wina. Banja linatsala pang'ono kutha. Bodza litaululika, mlamuyo anasiya kumulankhula. Dalaivalayo analumbira pamaso pa abale kuti avala chiguduli mpaka atakhululukidwa.

Anapita kwa telala wina wokalamba.

"Mukuchidziwa koma?" anafunsa telalayo. "Chiguduli ndi nsalu yokhakhala. Akale ankailuka ndi ubweya wa mbuzi, n'kumapangira matumba ndi matenti. Kwina amachitchula ndi dzina la dziko kumene kunkachokera mbuzizo. Chimavalidwa pakhungu, kuti chikamakukanda uzikumbukira amene unamulakwira."

"Ndamva madala, koma musokerere kansalu kofewa mkatimu. Angasuzumiremo ndani?"

"Ndiye kaguleni malaya basi. Chiguduli chosayabwa ine sindisoka."

Dalaivala uja anakasoketsa kwina. Ankati akaona anthu, ndiye kudzikanda, kubuula, kuyenda ngati wapsa msana. Mayi ake akamuona, misozi inkangoti mbwembwembwe.

Mlamu uja chifundo chinamugwira. Tsiku lina anabwera ndi mwamuna wake, atanyamula mankhwala a zilonda. Mayi aja analinso pomwepo pabalaza.

"Alamu, zakwana," anatero mlamuyo. "Vulani, ang'ono anuwa akupakeni mankhwala."

"Ayi, ndidzola ndekha mukapita."

"Manyazi a chiyani achimwene, si tinkasambira beseni limodzi?" anatero mng'ono wakeyo, n'kukoka chiguduli chija.

Msana wosalala see, ngati wa khanda. Mkati mwa chiguduli monse munali nsalu yoterera.

Onse anangoti kukamwa yasa. Kenako mayi aja anatsitsa bulauzi paphewa. Mkati munali chiguduli chenicheni, phewa lonse zilonda zokhazokha.

"Ndinakasoketsa kwa telala wokalamba uja tsiku lomwe unayamba iwe," anatero. "Ndimati mwana wanga asasenze yekha."

Mlamu uja anagwada n'kuyamba kuwapaka apongozi akewo mankhwala. Chikhululuko chimene anabwera nacho anabwerera nacho, ndipo mpaka lero iye ndi dalaivala uja salankhulana.

Phunziro: Kulapa kwa chiphamaso zilonda zake zimatuluka pa amene amakukonda. Ukalakwa, lola chikuyabwe wekha, ndipo pepesa kuchokera pansi pa mtima. Chonde, ngati yakukhudzani, mutumizireko wina amene mumamufunira zabwino.