Denga kapena Mlatho

Dontho loyamba linagwera patebulo la ameya, mkangano wa bajeti ya khonsolo uli mkati.

"Mwadzionera nokha, makhansala," anatero ameya akusuntha mpando. "Chaka chino tikonze denga la holo ino. Mlatho wa pangalande udikire."

Anthu anaseka, manja n'kukwera m'mwamba.

Khansala wa kutsidya kwa ngalandeyo sanaseke. Mvula inali itakula pamalata, ndipo inali nthawi yoweruka kusukulu. Mwana wake amawoloka pathabwa limodzi loterera.

"Amayi, dzanja lanu sitikuliona," anatero ameya akuyang'ana khansalayo.

Pomwepo foni yake inalira. Anali aphunzitsi a mwanayo. Anainyamula msangamsanga, dzanja n'kukwera m'mwamba kupita nayo kukhutu.

"Zikomo amayi," anatero ameya. "Ndiye kuti tonse tagwirizana."