Kansanza Kofiira

Mayi wina akusoka, singano inathyoka kachitatu, makina n'kuyamba kununkha chopserera. Diresi la mkwatibwi, mwana wa mchemwali wake, linali lisanathe, ukwati uli Loweruka.

"Bambo a ana, makina anu otchipa aja afa," anatero mayiyo.

"Afa bwanji? Amagetsi, a m'sitolo yaikulu, atatsitsa mtengo ndi theka! Mukanapalasa chiphakasa cha amayi anu mpaka liti?"

Mayiyo anazimitsa makinawo. Makina a malemu amayi ake, mwamunayo anawagulitsa osamufunsa, kuti akagule atsopanowa.

M'mawa mayiyo anasenza makina akufawo kupita nawo kwa wokonza makina. Mkuluyo atawatsegula anapukusa mutu.

"Mayi, m'katimu ndi mapulasitiki okhaokha. Awa ndi otaya. Koma muli ndi mwayi. Ndili ndi achitsulo, opalasa ndi mapazi, osafa. Ndinagula kwa bambo wina wosadziwa zinthu."

Anavundukula nsalu. Pakhosi pa makinawo panali kansanza kofiira kobayapo singano, komwe malemu amayi ake a mayiyo anamanga ndi manja awo.

"Mwini wake ankawasamala ngati mwana," anatero mkuluyo. "Mtengo wake ndi wa otchipa anuwa atatu."